Ndege Yosauluka

Ine ndimakolopa usiku ku Kempton Park,
m'chipinda chopanda zenera
momwe muli ndege yosauluka:
mutu wokhawokha, yopanda mapiko,
yoima pa miyendo isanu ndi umodzi yachitsulo
ngati nkhokwe yothawa chiswe.

Masana mumalowa anyamata a zovala zobiriwira.
Sindinawaonepo. Ndimawadziwa ndi zomwe asiya:
chingamu kunsi kwa mpando,
thukuta la m'manja pa ndodo yowongolera,
ndipo Lachitatu lina, masanzi m'kajumbo.
Akuti ola limodzi la mnyamata mmodzi mumpandowu
limameza malipiro anga a miyezi itatu.

Tshepiso wokonza mawaya
anandipeza ndikupukuta magalasi.
Anati, Mama Nachisale, khalani apa mulaweko kumwamba.
Ndinati, mwana iwe, undichotsetsa ntchito.
Koma ndinakhala. Anandimanga malamba.

Basi pansi panathawa.
Mimba inatsalira pasimenti.
Mitambo inang'ambika ngati chitenje chakale,
manambala obiriwira ali yakaliyakali pagalasi,
iye akuyamikira katundu ngati wamalonda pamsika:
iyi imathamanga kusiya mkokomo wake m'mbuyo,
ukaimva ndiye kuti yadutsa kale;
uwu ndi mzinga wonunkhiza kutentha,
ukagwira fungo la injini subwerera chabe;
ili ndi bomba lamaso,
umangolilozera ndi kuwala, khomo limapeza lokha.

Anaweramitsa mphuno ya ndege.
Pansipo panali mudzi wojambula,
wopanda dzina, wa dziko lililonse:
madenga asanu ndi awiri, chulu, msewu wa katondo,
mtengo umene ndikanalumbira kuti ndi wa mango,
ndi kadontho koyera
koyenda pang'onopang'ono
kuchokera kumene kukanakhala mjigo.

Ndani uyo?
Palibe, Mama. Ndi kompyuta.
Nanga bwanji akuyenda ngati wasenza ndowa?
Anaseka. Anaika kamtanda pa denga lachitatu.
Dinani apa.

Chala changa chomwechi,
chimene chinazula dzino logwedera la Ulemu wanga,
chimene chimaloza ndime m'buku la nyimbo Lamulungu,
chinadina.
Ndinawerenga mpaka khumi ndi zinayi.
Phokoso kunalibe.
Duwa lotuwa linangophuka, n'kufota.
Kadontho sindinakaonenso.

Musatekeseke, anatero, taonani.
Anagogoda batani limodzi:
madenga anabwerera, chulu, mtengo,
kadontho kanayambiranso ulendo wake.
Kwathu ku Bilira maliro ndi masiku atatu,
nkhuni, adzukulu, ngongole yofika mpaka kukolola.
Kuno kuuka kwa akufa ndi batani.

Ndinatsika miyendo ili zii.
Ndinamaliza kukolopa.
Ndodo ija ndinaipukuta kawiri,
koma chala sichinamve sopo.

Faifi koloko takisi inanditula pa Noord.
Ndinakwera wapansi chitunda cha ku Hillbrow,
chikwama pamutu poti mapewa anali atakana.
Helikopita ya apolisi inali m'mwamba
ikupapasa misewu ndi ndodo yake ya kuwala.
Kuwalako kunakhudza mabini,
kunakhudza galu,
kunakhudza mnyamata wogona m'makatoni pakhomo la shopu,
kenako kunaima pa ine.

Masiku a m'pasipoti mwanga anatha mu Epulo.

Sindinathamange.
Sindinakweze maso.
Ndinangoyenda pang'onopang'ono
ngati wochokera ku mjigo,
khosi lili chilili kuti madzi asatayike,
mumtima ndikupempha chimodzi chokha:
kuti mwa awiri ali kumwambawo
mmodzi agwire mnzake dzanja
n'kumufunsa,
ndani uyo?